Makiyi a Sitandade Faifi

Chiperoni chatsika usiku wonse.
M'mawa uno phiri la Zomba kulibe,
kwangotsala choyera, ngati wina wafufuta ndi nsanza.
Ndafika woyamba, monga mwa masiku onse,
makiyi akulira m'thumba la jekete.

Tchalitchi chathu n'kalasi yobwereka ku Chikanda.
Pabolodi pali masamu a Lachisanu,
kugawa, zotsala zitalembedwa pambali.
Sindifufuta. Ndimati Mwini wake aziwerenge.
Ndikoka madesiki, ndisiya mpata pakati
kuti chikuku cha a Mikuwa chidutse osapempha njira.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndidakhala kuseri kwa mpanda uja
kumene makiyi amalira m'manja mwa wina.
Nditatuluka, mipingo iwiri idandilozera benchi lakumbuyo,
amayi akufungatira zikwama ngati makanda.
Kuno Mayi Namakhwa adangondiyang'ana kumapazi, nati,
"Mumalawira inu? Gwirani awa."

Lero ndi Lamulungu la masika.
Chaka chino Likangala adadya nafe, osasamba m'manja,
adatenga mizere yakumunsi, mapesi ndi feteleza wangongole yemwe.
Komabe akubwera, mapewa atanyowa:
maungu awiri, lina lobooka,
mbatata zamatope, nzimbe zothyola pabondo,
mabulosi a m'phiri m'kambale ka pulasitiki.
Abiti Jafali, amene Lachisanu amagwada kumzikiti,
abweretsa mpunga wa ku Chilwa m'kansalu,
poti mdzukulu wawo amaimba kuno
ndipo njala, akutero, siifunsa dzina la mpingo.

Mnyamata wa ku Chanco uja wafikanso.
Adatiuza poyera kuti sakudziwa ngati kumwamba kuli munthu.
Tidamuyankha kuti benchi ndi lolemera, agwire mbali inayo.
Mpaka lero akugwirabe.

Lonjezo samva. Mlongo wake amaima pawindo, pali kuwala,
kumuumbira mawu ndi zala.
Ndaphunzirako limodzi lokha:
chikhato chotsegula, chochoka pachifuwa.
Sindidafunse ngati ndi "zikomo" kapena "tengani".

Ndiye Esinati aimirira kupemphera,
yemwe ana a mumsewu amamutchula ndi dzina la chipatala.
Pemphero lake lilibe msewu.
Lidutsa kumsika, litchula mtengo wa sopo,
lipepesa mbuzi ina ya chaka chatha,
liima.
Tidikira.
Madontho akugogoda malata.
Palibe womukoka chitenje.
Kenaka ati, "Inu amene mudasunga mbewu m'matope,
musatitaye poti tanyowa."
Ameni wake adatuluka ngati chifuwa, aliyense payekha.

Ine munda ndilibe.
Ndimakhoma zidebe kuseri kwa depoti, ndipo mwezi uno zidebe sizikudontha.
Mzere utandifika ndidapisa m'thumba,
ndidapeza chingwe, chiphaso chakale, ndi iwo aja.
Ndidawaika patebulo, pakati pa dzungu ndi mpunga.
Adalira kamodzi, nakhala chete.

Kodi Mulungu amalandira chinthu chobwereka?
Nanga mpweya uwu ndidaugula kuti?

Mayi Namakhwa adadalitsa zonse, osasankha,
adagawa: ichi kwa odwala, ichi kundende,
dzungu lobooka kwa aphunzitsi eni kalasi.
Atafika pa makiyi adawanyamula ndi zala ziwiri
nandiponyera.
"Izi zidalandiridwa kale. Mutseke mawindo,
sabata yatha mudaiwala lakumapeto."

Onse apita. Ndikusesa.
Timbewu ta mpunga takanirira m'ming'alu ya simenti,
tsache silikutifika, ndatisiya.
Mawa ana adzaponda pomwe tidagwada
osadziwa kanthu, akulimbana ndi zotsala zawo.

Ndikhoma chitseko, ndiyesa kawiri.
Potembenuka, mtambo wang'ambika pang'ono pamwamba pa Mulunguzi,
paoneka mitengo isanu ndi thanthwe limodzi.
Phiri lonse ayi.
Koma ndaima pamvula, ndikuyang'ana,
kufikira chatsekanso.